Chule wa mwana wanga amene ndinatsala pang'ono kumutaya wamoyo

Ndikulembera inu anzanga amene mukulera ana kutali ndi kwathu, amene mumayang'ana mayunitsi a magetsi musanagone, ndi inu amene munalandira chiweto m'nyumba musanadziwe kasamalidwe kake. Nkhani yanga ndi ya chule. Ena mwa inu muchita tsinya pomva zimenezi, ndipo sindikudabwa, pakuti nanenso ndinali wotero. Koma chule ameneyu ndiye anamasula pakamwa pa mwana wanga, ndipo ine mayi wake ndinatsala pang'ono kumuwononga.

Timakhala ku Nottingham, ine ndi mwana wanga wamwamuna. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Mwanayu anakulira kwa agogo ake kumudzi, ndipo atabwera kuno anangoti zii. Kusukulu sankalankhula, kunyumba ankayankha ndi mutu. Tsiku lina bambo wina woyandikana nafe, amene ankasamuka, anagogoda atanyamula bokosi lagalasi lodzaza dothi. M'dothimo munkangooneka maso awiri. Anafunsa ngati mnyamata wanga angakonde kusamalira chule wake. Mawu okana anali kale pamilomo panga, koma nditaona mmene mwana anagwadira n'kuyang'anitsitsa m'bokosimo, ndinavomera.

Chule ameneyu si wa kuno ku Ulaya, ndipo si wa kwathu. Ndi wa mtundu wa Ceratophrys cranwelli, ndipo kwawo ndi ku Gran Chaco, chigwa chachikulu chotentha cha ku Argentina, Paraguay ndi Bolivia, kumene chilimwe chimauma kwambiri mvula isanabwere. Pamwamba pa maso ake pali tinsonga ta khungu, n'chifukwa chake amamutcha chule wa nyanga. Thupi ndi lobulungira, kamwa kuyambira mbali iyi mpaka mbali inayo. M'masitolo a ziweto amamugulitsa ndi dzina lakuti Pacman, potengera masewera a pakompyuta a mu 1980 aja. Wathu ndi wamkazi, ndipo aakazi ndiwo amakula kuposa aamuna. Mwana wanga anamutcha Chimutu.

Chimutu sadumphadumpha. Amakumba, n'kudzikwirira, n'kudikira kuti china chake chidutse. Chikadutsa amachimeza, ngakhale chitakhala chule mnzake, motero amayenera kukhala yekha m'bokosi. Ali ndi mano ndipo amaluma ndithu, choncho chakudya amamupatsa ndi chopanira, osati ndi zala. Bambo uja anatisiyira pepala la malangizo. Masana m'bokosi muzitentha madigiri 24 mpaka 28, usiku muzitsikako pang'ono chabe. Chinyezi chizikhala pakati pa 60 ndi 80 pa 100 alionse. Pansi pazikhala makoko a kokonati opera, akuya mokwanira kuti chule adzikwirire yense, onyowa koma osadontha madzi ukawafinya. Timiyala ayi, chifukwa akameza pamodzi ndi chakudya timatseka m'mimba. Mbale ya madzi ikhale yosaya, pakuti achule amenewa sadziwa kusambira bwino ndipo angamire.

Mwana wanga analoweza pepala lonselo. M'mawa uliwonse ankasintha madzi, kudonthezamo mankhwala ochotsa klorini, kupopera dothi ndi botolo lake. Ankawaza ufa wa kashiamu pa tinkhululu ndi nyongolotsi asanamupatse. Ndipo anayamba kulankhula. Poyamba zinali za chule zokhazokha: kuti samwa ndi kamwa koma amayamwa madzi ndi khungu la kumimba, kuti sopo wotsalira m'manja angamudwalitse, kuti ukamugwira uyenera kusamba m'manja chifukwa cha tizilombo ta salmonella. Kenako anayamba kundiuza za kusukulu, za anzake, za mmene amawasowera agogo.

Ine ndinkachita naye manyazi Chimutu. Mukudziwa nokha kuti kwathu munthu woweta chule m'nyumba amamunena zokhwima. Amayi a kumpingo akati abwera kudzacheza, ndinkafunditsa bokosi lija chitenje n'kuuza mwana kuti asatchule kanthu. Kubisa kumeneko kunandisiya wopanda womufunsa pamene zinthu zinathina.

Zinathina mu 2022. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale, mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera koopsa. Pofika Okutobala boma la Britain linaika malire akuti banja wamba lizilipira pafupifupi mapaundi 2,500 pachaka, koma kwa ife a mita ya mayunitsi, ndalama zinkangosungunuka tikuona. Kumudzi nako kwacha anali atatsitsidwa mphamvu mu Meyi, ndipo foni inkalira za feteleza, poti inali nthawi yodzala. Ndinayamba kutenga mashifiti owonjezera. Tulo tinachepa, mtima unafupika.

Apa m'pamene ndinapanga zosankha ziwiri zimene ndinkaziona ngati nzeru. Ndinazimitsa kamphasa ka magetsi kotenthetsa bokosi la chule, n'kusunthira bokosilo pafupi ndi radiator, poganiza kuti kutentha kwa m'nyumba kumukwanira. Koma radiator tinkaiyatsa kanthawi kochepa madzulo basi. Ikayaka inkaumitsa dothi, ikazima bokosi linkazizira usiku wonse. Kenako pakhoma la kuchipinda panatuluka nkhungu yakuda. Ndinaopa chifuwa cha mwana, ndinaopanso eni nyumba, ndipo mkwiyo wanga unagwera pa botolo lopopera lija. Ndinamukalipira mwana kuti akunyowetsa nyumba, n'kumulanda botololo. Anayesa kunena kuti, "Amayi, Chimutu afuna chinyezi," koma ndinamudula mawu. Anangozyolika. Kuyambira pamenepo anabwerera kukhala chete kwake kuja, ndipo ine ndinali wotopa kwambiri moti sindinazindikire.

Chimutu anasiya kudya, n'kulowa pansi penipeni. Posamuona, ndinkadziuza kuti ali bwino. Kunena zoona, mumtima ndinapepukidwa kuti tinkhululu sitikugulanso.

Mu Disembala kunazizira modetsa nkhawa, mpaka madzi kuundana m'misewu kwa masiku ambiri. M'mawa wina ndinabwera kuchokera kuntchito, mwana atapita kale kusukulu, ndipo ndinapeza mayunitsi atatha. M'nyumba munali zii, mpweya wa m'kamwa unkaoneka. Sindikudziwa chimene chinandikokera ku bokosi lija. Ndinapisa dzanja m'dothi, ndipo linali fumbi lokhalokha. Ndinafukula pang'onopang'ono mpaka chala chinagunda chinthu cholimba. Nditachitulutsa, sindinamuzindikire. Mtundu wake wobiriwira uja kunalibe. Thupi lonse linali litakutidwa ndi khungu louma, lotuwa, ngakhale maso anali otsekeka mkati mwake. Miyendo inali itapindikira kuthupi. Anali wozizira, osagwedezeka. Ndinamuitana ndi dzina lake, ine amene ndinali ndisanamutchulepo dzina.

Ndinamukulunga m'pepala n'kupita naye pa bini ya panja. Ndinatsegula chivundikiro. Abale anga, ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba, maganizo oipa akubwera motsatizana. Ndinaganiza zomuuza mwana kuti chule wathawa. Ndinaganiza zokongola ndalama n'kugula wina wofanana naye kuti asadziwe. Ndinaganiza zonena kuti wafa ndi ukalamba. Bodza lililonse linali lokonzeka, ndipo lililonse linkandiwonetsa chimene ndasanduka. Ndinabwera m'dziko lino kuti mwana wanga apeze moyo wabwino, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene chinamusangalatsa ndinachiumitsa kuti ndipulumutse timayunitsi tochepa. Usiku wonse ndinali nditasamalira makolo a eni ake, kuwatembenuza, kuwamwetsa madzi, koma m'nyumba mwanga cholengedwa chinauma ndi ludzu.

Dzanja linakana kumasula. Ndinabwerera m'nyumba, ndinamuika m'kakontena ka majarini, ndinakhala pansi m'khitchini ndi jekete yanga ya kuntchito, n'kulira kulira kumene sindinalirepo chibwerereni kuno. Sindinalirire chule yekha. Ndinalirira ngongole, feteleza amene sindinatumize wokwanira, mwana amene ndinamutseka pakamwa, ndi kutopa kumene ndinalibe womuuza. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndalephera, ndipatseni mphamvu yoti ndinene zoona.

Mwana atabwera ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Mwanawe, Chimutu wafa, ndipo wolakwa ndine." Ndinkayembekezera kulira. Iye anatsegula kakontena kaja, anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, sakununkha. Mwina wagona. Kwawo kukauma amatero." Anali ataziwerenga m'buku la kulaibulale ya kusukulu. Ndinaganiza kuti ndi mawu a mwana wokana imfa, koma ulendo uno sindinamudule mawu. Ndinaimba foni kwa madokotala a ziweto. Ambiri anati amangoona agalu ndi amphaka, mpaka ndinapeza wina amene amaona njoka, abuluzi ndi achule. Mayi amene anayankha ananena mwamphamvu kuti tisasende khungulo, tisamuike pamoto kapena m'madzi otentha, tingomubweretsa atafundidwa bwino.

Ndalama yolipira ndinalibe. Ndinaimbira mayi wina wachikulire wa kumpingo, mmodzi mwa aja ndinkawabisira. Ndinawauza zonse, manyazi ndili nawo. Anangoti, "Achemwali, chiweto cha mwana ndi chiweto. Konzekani, ndikubwera ndi galimoto." Anatiperekeza, anatibwereka ndalama, ndipo pobwerera anatigulira mayunitsi. Sanandifunse funso la zokhwima ngakhale limodzi.

Dokotala anamuunika ndipo anatiuza kuti mtima ukugunda. Anafotokoza kuti ku Chaco, chilala chikafika, achule amenewa amadzikwirira n'kusiya kuchotsa khungu lakale pathupi, ndipo makungu ofundukawo amasanjikizana n'kupanga chikuto chosunga madzi m'thupi mpaka mvula itagwa. Ndinakumbukira finye wa kwathu, amene sumuona chilimwe chonse koma amatulukira mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka. Komabe dokotalayo sananditonthoze ndi bodza. Anati kugona kotere m'nyumba yozizira, mosakonzekera, kumapha achule ambiri, makamaka aang'ono ndi owonda, ndipo Chimutu anapirira chifukwa anali wamkulu ndi wonenepa. Kunenepako kunali ntchito ya mwana wanga.

Tinachita monga anatiuzira. Tinabwezera kutentha pang'onopang'ono, osati kamodzin'kamodzi. Tinaika makoko atsopano onyowa. Tinamukhazika m'mbale ya madzi ofunda pang'ono, ochotsedwa klorini, ongofika pansi pa chibwano. Kwa nthawi yaitali panalibe chochitika, ndipo mantha anandigwiranso. Kenako khungu louma lija linayamba kufewa n'kung'ambika. Mwendo wakutsogolo unasuntha. Anayamba kudzipukuta kumaso, kukokera khungulo kukamwa n'kumalimeza, monga amachitira achule akafundula. Pansi pake panatuluka kubiriwira kuja. Mwana wanga anakuwa, "Amayi, wadzuka!" mokweza moti ndikukhulupirira oyandikana nafe anamva. Ine ndinagwada pomwepo n'kuyamika Mulungu.

Sanachire tsiku lomwelo. Anakana chakudya kwa kanthawi ndithu, ndipo miyendo yakumbuyo inali yofooka. Dokotala anatichenjeza za matenda ofewetsa mafupa, amene amabwera chule akasowa kashiamu ndi vitamini D3, ndipo amatha kupinda nsagwada mpaka kulephera kugwira chakudya. Anatiuzanso kuti tisathamangire kumunenepetsa ndi mbewa, chifukwa mafuta ochuluka amawononga maso ake. Tinayamba ndi nyongolotsi, zimene n'zofewa ndi zosavuta kugaya. Tsiku limene analumphira yoyamba n'kuluma chopanira chomwe, tinadya nsima yathu ndi mtima wina.

Pali zimene ndinaphunzira zimene pepala lija silinanene. Kamphasa kotenthetsa kamamatidwa m'mbali mwa galasi, osati pansi, chifukwa chule akamva kutentha amakumba kulowa pansi kuti azizidwe, ndipo kamphasa kakakhala pansipo amapsa. Kamayenera kulumikizidwa ku thermostat. Ndinadabwa kuona kuti kamphasako kamadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ketulo kapena mbaula ya magetsi, kutanthauza kuti kuzimitsa kwanga kuja sikunapulumutse kanthu kooneka. Nkhungu ya pakhoma nayo sinkachokera m'botolo la mwana, koma ku zovala zimene ndinkayanika m'nyumba mazenera ali otseka. Madzi a m'mbale amasinthidwa tsiku lililonse, poti chule amadzithandiza momwemo ndipo khungu lake limayamwanso zoipazo. Dothi lonse timalisintha pafupifupi mwezi uliwonse.

Botolo lopopera ndinalibweza kwa mwini wake, ndipo ndinamupepesa ndi mawu omveka, chinthu chimene makolo ambiri a kwathu sitinazolowere kuchita kwa ana. Bokosi lili pabalaza tsopano, kutali ndi radiator ndi dzuwa la pazenera, ndipo chitenje chija chinabwerera m'sutikesi. Amayi a kumpingo akabwera, ena amakhala chakutali, ena amafunsa mafunso, ndipo mwana wanga amawayankha mmodzimmodzi mosatopa. Awiri a iwo anandiuza pambuyo pake kuti nawonso m'nyengo yozizira imene ija ankagona ndi majekete, aliyense akubisira mnzake. Panopa timafunsana za mayunitsi poyera, ndipo amene zamuthina timamusonkhera.

Dokotala anati achule amenewa akasamalidwa bwino amatha kufika zaka 10, ena kupitirira. Ndiye kuti Chimutu angakhale nafe mpaka mwana wanga atamaliza sekondale. Mwezi uliwonse ndikalandira malipiro, ndimapatula kandalama ka nyongolotsi, ufa wa kashiamu ndi dokotala, ndipo mwana ndiye amasunga envelopu yake.