Mabuku Awiri a Ntara, ndi Cimene Anandiphunzitsa

Pamene namondwe wa Freddy anasefukitsa madzi m'midzi yathu ya kwa Jenala m'mwezi wa March 2023, katundu wambiri wa m'nyumba mwanga anaonongeka. Mwa zocepa zimene zinapulumuka munali mabuku awiri a Samuel Josia Ntara, mphunzitsi uja wa ku Nkhoma, pakuti ndinawapacika m'thumba pa mtanda wa denga. Ananyowa ndithu, koma sanang'ambike. Tsono powayanika padzuwa tsamba ndi tsamba ndinayamba kuwawerenganso, ndipo ndifuna kuuza owerenga cimene ndinapezamo.

Buku loyamba ndilo Nthondo, limene linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za Afrika, nilisindikizidwa m'caka ca 1933. Caka cotsatira T. Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi nalicha Man of Africa. Ndiri mnyamata ndinalikonda koposa onse cifukwa ca mphulupulu za Nthondo: kuba kwace, kusamvera kwace, ndi maulendo ace akutali. Koma lero, imvi zitamera, ndiona dzanja la mlembi kumbuyo kwa nkhaniyo. Ntara anali asanakwane zaka 30, ndipo analemba monga mphunzitsi woimirira pamaso pa ana. Atsogolera munthu wace kuyambira pa kubadwa kufikira kumanda, namtembenuza mtima pamapeto, kuti wowerenga atengepo mwambo.

Buku laciwiri ndilo Mbiri ya Acewa, limene linaturuka m'zaka za m'ma 1940, ndipo m'Cingerezi m'caka ca 1973. Ili ndinaliyesa louma pa unyamata wanga, pakuti ndinaonamo maina okha okha: Kalonga, Undi, a Phiri ndi a Banda. Ndinaliwerenga theka, nkuliika. Koma tsopano ndazindikira kuti m'bukuli mphunzitsi uja wasanduka wophunzira. Waleka kupeka nkhani. Wakhala pansi pa mphasa, nafunsa nkhalamba, nalemba zimene zinamuuza zisanapite kuli cete. Anacita cimodzimodzi polemba moyo wa mfumu Msyamboza, umene unaoneka m'Cingerezi m'caka ca 1949. Nthondo andikondweretsabe, sindikana ai. Koma buku limene ndinalinyoza ndilo linandilasa mtima.

Cifukwa cace ndi ici. Ife ambiri a cigwa cino ca pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Cilwa ndife Alomwe. Makolo athu anacokera kum'mawa, ku dziko limene linali m'manja mwa Apwitikizi, ambiri a iwo pothawa nchito yokakamiza ndi msonkho. Agogo anga akazi anadziwa bwino za ulendowo, monga anamva kwa amai ao: mitsinje imene anaoloka, mudzi umene anayamba kufikirako, ndi maina a iwo amene anatsala panjira. Madzulo ambiri iwo anafuna kundifotokozera, koma ine ndinali kuthamangira kunyali kukawerenga za Nthondo. Anamwalira ndisanalembe ngakhale liu limodzi, ndipo lero ana anga akandifunsa kumene tinacokera, ndingoloza dzanja kum'mawa ndi manyazi.

Akuru anati mau a akuru akoma akagonera. Nzoona, koma agonera kuti, ngati palibe wowasunga? Mbeu yosaikidwa m'nkhokwe sifika dzinja.

M'mudzi mwathu mwatsala amai awiri okalamba amene akumbukirabe zimene anamva kwa makolo ao, nalankhula Cilomwe cenicceni. Ndagula kope ndi pensulo, ndipo ndayamba kukhala pakhonde pao madzulo atatu pa sabata. Sindine Ntara, ndipo zolemba zanga kapena sizidzaona makina osindikizira. Koma adzukulu anga adzazipeza m'thumba lija. Abale anga owerenga, ngati kwanu kuli nkhalamba yotere, musacedwe monga ndinacedwa ine.