Kapu Imodzi pa Chisanu cha ku Lizulu

Anthu ambiri akamva za chisanu cha ku Ntcheu amangoganiza za milomo yong'ambika, chifuwa cha ana ndi madzi a m'mawa oluma zala. Sakunama ayi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kumtunda kwa Lizulu ndi Tsangano nkhungu imagona pansi mpaka dzuwa litakwera, ndipo mphepo ya m'mapiri a Kirk Range imapyola ngakhale jekete la pakaunjika. Koma kwa ine ndi anzanga anayi amene tinakulira limodzi, nyengo imeneyi ndiyo imatisonkhanitsa. Chimanga chili m'nkhokwe, khasu lapuma, njira zauma, ndipo munthu umakwera mtunda osakhetsa thukuta.

Chaka chilichonse timakumana pamsika wa Lizulu, pamene msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique. Timagula mbatata ya kachewere ndi nyama ya mbuzi, kenaka n'kuuyamba wapansi kulowera kumapiri. M'njira timadutsa anyamata akukumba mbewa m'minda yokololedwa. Tikafika pathanthwe lotchingika kumphepo timasonkha moto, n'kukwirira mbatata m'phulusa, wina n'kukumba maenje a bawo padothi.

Pamenepo ndiye matumba amatseguka. Mnzathu wogwira ntchito ku Lilongwe amabweretsa vinyo wa Linga, wopangidwa kuchokera ku zipatso zathu zomwezi monga jambula ndi magwafa. Wina amakhala atadumpha msewu n'kugula vinyo wamphesa wa Chipwitikizi kutsidya. Wachitatu amanyamula wa chidede, wofulula akazi ake. Iwo amawiritsa chidede, kuthiramo shuga ndi yisiti, n'kutsekera m'chigubu kwa masabata angapo kuti yisiti adye shuga uja n'kumusandutsa mowa.

Lamulo lathu ndi limodzi: kapu ndi imodzi, ndipo imazungulira. Woilandira amayamba wanunkhiza, amapsontha pang'ono, amasunga palilime, kenaka amanena chimene wamva asanapatsire mnzake.

"A Ngozo, mwapezamo chiyani umo?"

"Achimwene, poyamba akutsekemera, koma kumapeto akuwawasa ngati bwemba. Alamu anafulumira kutsegula chigubu."

Mwini vinyo amakana kwamtuwagalu, kapu imabwereranso kwa a Ngozo kuti alawenso bwino, ndipo mlandu wa chigubu umatha ola lathunthu. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena angati kulawa vinyo ndi mwambo wa Azungu. Ine ndimaona kuti ndi wathu womwe uja, wangosintha chotengera. Ife Angoni a kwa Gomani timadziwika ndi mowa ndi nyama, koma makolo athu sankamwa mobisala. Masese ankabwera m'chipanda, mwini mowa ankayamba walawa pamaso pa onse, ndipo chipanda chinkayenda dzanja ndi dzanja. Wogugudiza ankaonekera poyera, akulu n'kumudzudzula pomwepo. Mowa unali ndi mboni.

Chimene chinatiwononga ndi mowa wopanda mboni. Masacheti atafika, munthu ankatha kuledzera yekha kuseri kwa golosale ndi ndalama yochepa, dzuwa lisanatuluke, ati kuchotsa chisanu. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma kachasu ndi timabotolo totchipa sizinachoke m'misika yathu. Chowawitsa mtima n'chakuti mowa suchotsa chisanu. Umangotsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Gulu lathu tinali anthu asanu ndi mmodzi. Mnzathu wina anayamba kumwa yekha ntchito itamuthera, ndipo m'mawa wina wa Julaye anamupeza m'mbali mwa njira atazizira kale.

Kuyambira chaka chimenecho, kapu ikafika pa munthu sitifunsa za vinyo yekha. Timafunsanso za ngongole ya feteleza, za fizi ya ana, za kunyumba. Mwamuna amene sangaulule vuto lake atakhala pampando amalinena mosavuta akuyang'ana moto, kapu ili m'manja, anzake akudikira kuti aipatsire.

Dzuwa likapendeka timazimitsa moto ndi dothi, popeza udzu wa nyengo ino suchedwa kuyaka, ndipo timatsika miyendo idakali yathu. Mabotolo amabwerera kumudzi asanathe. Wotsalayo timasiyira alamu, kuti nawonso aweruze ngati a Ngozo ananena zoona.