Tsiku lomwe thabwa linapezeka ndi BP

Smartwatch yanga ndinaigula mu Disembala 2023, patangotha mwezi kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Ndinaipeza kwa mnyamata wina mu Malangalanga, ndi ndalama ya ganyu yolembera anthu ma CV. Pa katoni analemba kuti imawerenga masitepe, kugunda kwa mtima, ngakhalenso BP. Pa kagulu kathu ka ku Mchesi, ife omaliza koleji koma ntchito osaioneka, ndinali woyamba kuivala.

Mkangano unabukira pa shedi ya msuweni wanga, kalipentala, pomwe timacheza magetsi akathima. Mnzathu yemwe anaphunzira za makompyuta anali mbali yanga. "Amwene, mwagula tsogolo," iye anatero. Anatikumbutsa kuti mu 2012 anthu anasonkha madola oposa 10 miliyoni pa Kickstarter kuti wotchi ya Pebble ipangidwe, ndipo kuti Apple Watch yoyamba, ya mu 2015, ankainyoza chifukwa batire lake linkafuna kutchaja tsiku lililonse. Popanda oyamba kugula, zinthu sizingapite patsogolo.

Wina, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayiveti, sanagonje. "Nanga Pebble yo ili kuti? Inatsekedwa mu 2016. Google Glass anthu anagula pa madola 1,500 mu 2013, pofika 2015 anasiya kuigulitsa. Aise, woyamba kugula ndiye amalipirira kampani fizi yophunzirira."

Ine ndinkangokweza mkono. Wotchiyo inkanjenjemera kundiyamikira ndikakwanitsa masitepe 10,000, osadziwa kuti ndikuyenda wapansi kupita m'tauni chifukwa ndilibe ya minibasi. Komabe zinkandikomera. Pa nthawi imeneyo palibenso china chomwe chinkandiuza kuti ndachita bwino.

Amayi anga ali ndi BP. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo mwezi ndi mwezi amakakhala pamzere kuchipatala. Ataona wotchiyo anati, "Iwe, tandiyeza nane." Inawerenga 120/80. Anasangalala, inenso ndinanyada. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wathu wa m'mawa, tiyi asanapse.

Patatha masabata atatu, msuweni wanga, yemwe pa mkangano wonsewu ankangopala matabwa osayankhula, anandipempha wotchiyo. Anaimangirira pa chidutswa cha thabwa la paini n'kudina. Kanyale kobiriwira kanaphethira kwa kanthawi. Kenako: mtima 76, BP 118/79.

Shedi yonse inafa ndi phwete. "Thabwali lili bwino kuposa ife," anatero mphunzitsi uja. Ine sindinaseke. Ndinathamangira kunyumba n'kutsegula kabati. Kapepala ka mapiritsi kanali kodzaza.

"Amayi, mankhwalawa simukumwa?"

"Nanga si wotchi yako ikuti ndachira?"

M'mawa mwake tinali pamzere. Namwino anawamanga chikwama chopopa chija pamkono, nambala yapamwamba n'kudutsa 170. Anandiyang'ana ine, osati amayi.

Usiku womwewo ndinawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga ndisanagule. Kanyale kobiriwira kaja kamawalitsa pakhungu, magazi amamwa kuwala kobiriwira, ndiye wotchi yabwino imawerengera kugunda kwa mtima poona kusintha kwa kuwala kobwerera. Koma BP ndi nkhani ina. Ngakhale mawotchi a Samsung omwe amaiyeza amafuna kuwayerekeza ndi makina enieni opopa pamkono masabata anayi alionse. Yanga sinkayeza kanthu, inkangotchula manambala okondweretsa mwini wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa shedi mkangano sunathe. Wa makompyuta akuti vuto si ukadaulo, vuto ndi lakuti ndinagula ya feki. Mphunzitsi akuti ku Mchesi zenizenizo sizifika, timalandira chithunzithunzi chake basi. Onse akunena zoona pang'ono. Koma onse amayankhula ngati woyamba kugula amadziyesera yekha, ndalama yake, mkono wake. Kwathu sizikhala choncho. Chinthu chikalowa m'nyumba chimakhala cha tonse, ndipo chikabwera ndi mwana yemwe anapita ku yunivesite, palibe amachikayikira. Amayi sanakhulupirire wotchi. Anakhulupirira ine.

Wotchiyo ndimavalabe, nthawi imasunga bwino. Alamu yake imalira 6 koloko m'mawa, ndipo ikalira ndimatenga kapu ya madzi ndi piritsi limodzi, n'kukagogoda kuchipinda kwa amayi.