Nsanja ya ku Mangochi ndi madooko a Muloza

Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, paima nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tawuniyi ikutchedwa Fort Johnston. Pambali pake pali mzinga wa m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaphwanya sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946. Chilichonse chili ndi dzina ndi chaka chake, ndipo chapafupi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'nyanja.

Munthu wa ku Milange amene anabwera kuno pa geni ya usipa akaima pamenepa amayamba wachita kaso. Maso akapita kumadzi, mlatho umachoka m'maganizo, n'kutsala dooko la Mfumu Mponda: mabwato akuwolotsa minyanga ya njovu, amalonda achiyao akuyeza nsalu ndi wonga, amayi akusinja mapira, ndipo pamchenga pakhala anthu omangidwa m'magoli, osadziwa kuti ulendo wawo ukathera kunyanja yamchere. Kaso amathera pomwepo, chifukwa nsanjayo imalemekeza mfumukazi imene sinapondeko ku Shire, pomwe omangidwawo palibe mwala umene umawatchula mayina.

Komabe Amangochi ali ndi choloza, ndipo apa ndi pamene wa ku Milange amamva kuwawa. Mitsinje ya kwawo, Muloza ndi Ruo, inawolotsa anthu osawerengeka. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 litasandutsa Ruo kukhala malire, Alomwe othawa msonkho ndi chibalo anawoloka kupita ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo. Mu 1986, Renamo italanda Milange, mabanja anawolokanso ana ali kumbuyo, mitolo ili pamutu, phiri la Tumbine atalifulatira. Pa madooko amenewa palibe mwala wolembedwa. Mbiri yake amaisunga ndi agogo, ndipo amaifotokoza bwino kuposa chikwangwani chilichonse, mpaka kutchula amene anatsala m'madzi. Koma agogowo akutha.

N'zopweteka kuti mdzukulu wa owoloka aja amafunsidwabe chiphaso pa rodibuloko, amatchedwa mlendo ndi anthu amene amayankhula nawo chinenero chimodzi, ndipo makwacha amene wasunga mwezi wonse amafota akawasintha kukhala metikali. Manda a makolo ake ali mbali zonse ziwiri za mtsinje.

Madooko a Muloza akugwirabe ntchito. Nkhondo ya Renamo itatha mu 1992 ambiri anabwerera kwawo kudzera pomwepo, ndipo lero anyamata amawolotsapo njinga zosenza matumba a chimanga ndi nandolo kupita ku msika wa Limbuli.