Tsiku limene mwera unandiimitsa ku Nkhotakota

Mu teremu yachiwiri ya chaka chatha ndinkaphunzitsa Fomu 3 za mmene Chisilamu chinalowera m'dziko muno. Ndili mkati mofotokoza za Jumbe wa ku Nkhotakota, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono n'kufunsa: "Aphunzitsi, Jumbe mukumuyamikirayo si yemwe uja ankagulitsa anthu?" Ndinamuuza kuti zimenezo akafunse aphunzitsi a Hisitole, ife tione zimene zibwere pa mayeso. Belu litalira, mtima unakhala pansi.

Patchuthi cha Ogasiti ndinafuna kukaona azakhali anga ku Mangochi, ndipo ndinasankha kuyenda pa Ilala, sitima imene ndinkangoiona ikaima pa Nkhata Bay. Inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Titadutsa Chizumulu ndi Likoma, mwera unakula. Mphepo imeneyi imachokera kummwera miyezi yozizira, choncho wopita ku Monkey Bay amawombana nayo maso ndi maso. Ine amene ndinkadziyesa wolimba mtima ndinagwira chitsulo usiku wonse, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Kutacha tinaima ku Nkhotakota, ndipo anatiuza kuti sitichoka mpaka mphepo italeka. Ena anang'ung'udza. Agogo ena a ku Chilumba anangotchula dzina limodzi, Viphya, sitima imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, ndipo ong'ung'udzawo anakhala chete.

Ndinakwera boti laling'ono lopita kumtunda, cholinga changa chili choti ndikaswali pa nthaka yosagwedezeka basi.

Nkhotakota ndi tauni ya mchenga, mango ndi mpunga. Ndinagula usipa wokazinga ndi chinangwa, ndikumvetsera amayi akutsatsa malonda m'Chichewa chokhala ndi timawu ta Chiswahili apo ndi apo. Azana ya Zuhr italira ndinatsata mawuwo mpaka pa mzikiti wina pafupi ndi nyanja. Ndinaswali pambuyo pa imamu, kenako n'kuphatikiza Asr ya maraka awiri monga amaloledwa wapaulendo. (A Fomu 2, phunziro lija la kufupikitsa swala si la m'buku mokha ayi.)

Potuluka, bambo wina wachikulire anandipatsa salamu n'kundifunsa kumene ndachokera. Atamva kuti ndine mphunzitsi wa ku Mzuzu, anati: "Ndiye a mwalimu, musabwerere musanaone pamene zinayambira." Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pagombe. Zimene anandiuza ndinkazidziwa kale kuchokera ku koleji: kuti Salim bin Abdallah anafika kuno cha m'ma 1840 kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, kuti Jumbe ndi udindo umene anthu angapo analowana, kuti anthu ake anabweretsa swala, Qur'an ndi ulimi wa mpunga. Koma mkuluyo analoza kutsidya la ku Mozambique, kumene mafunde ankatumphuka oyera, n'kunena kuti zombo zomwezo pobwerera zinkadzaza minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa, ogwidwa m'midzi ya Achewa kumtunda kuno. Akawoloka, ankayenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankathera panjira.

Ndinafunsa ngati iwo ndi a mtundu wa Jumbe. Anaseka. "Agogo a agogo anga anabwera kuno ndi goli m'khosi. Chombo chinadzaza iwo asanakwere, n'chifukwa chake ndili pano. Ndipo ndine Msilamu, Alhamdulillah."

Ndinasowa chonena. M'mimba munali mukadazungulira chifukwa cha usiku umodzi pa sitima yachitsulo, ndili ndi tikiti m'thumba ndi jekete pathupi. Nanga mwana womangidwa pansi pa chombo cha matabwa, pa mwera womwewu?

Kuchoka apo anandiperekeza ku mishoni ya Anglican, kumene kuli mtengo waukulu wa mkuyu. Pansi pake David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kumudandaulira kuti asiye malondawo, koma sanaleke. Anadzatha zaka 30 pambuyo pake, ulamuliro wa Britain utakhazikika. Ndinalowa pamalopo nditavala kanzu ndi kofia, ndipo bambo amene ankasesa anandilandira bwino, n'kundionetsa tchalitchi cha All Saints mmene anaika Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira pa nyanjayi mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo. Sindikunena kuti azungu onse anabwera ndi manja oyera. Nkhani ya minda ndi msonkho ana athu amaidziwa. Koma pa nkhani ya akapolo a ku Nkhotakota, amene ankagulitsa anali anthu oyang'ana kibla imene ifenso timayang'ana.

Chimene chinandipweteka n'chakuti yankho la mtsikana uja ndinali nalo kuyambira ku madrasa. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa za Bilal, kapolo wozunzidwa pa mchenga wotentha wa ku Makka, amene Abu Bakr anamuwombola ndipo Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anamusankha kukhala woyamba kuitana azana. Ndimaphunzitsa kuti kumasula kapolo ndi imodzi mwa njira zisanu ndi zitatu zogwiritsira ntchito zakaat. Muyeso woyezera Jumbe uli m'chipembedzo chathu chomwe. Ine ndinaubisa poopa kuti ana achita manyazi ndi Chisilamu, ndipo mwina pooperanso makolo ena ndi akuluakulu a komiti.

Mphepo inatsika pambuyo pa Magharibi, ndipo tinanyamuka usiku.

Teremu itatsegulidwa ndinalowa mu Fomu 4, n'kumuitana mtsikana uja pamaso pa anzake, ndipo ndinamupepesa. Phunziro la Jumbe tsopano limatenga mapiriyodi awiri m'malo mwa imodzi. Kholo lina linabwera kudzandifunsa ngati sindikupereka ndodo kwa otinyoza. Tinakhala mu ofesi ola lathunthu osagwirizana, ndipo lati lidzabweranso ndi shehe wa kwawo. Ndawauza kuti abwere Lachitatu, tsiku limene Fomu 3 imakhala ndi phunzirolo.