Nambala inathawa, njira inatsala

Loweruka lapitali amayi anandituma ku Kawale kwa amalume kukatenga ndalama yolipira mayeso a JCE. Kunyumba kwawo kwatsopanoko ndinali ndisanafikeko. Amayi anandilongosolera njira: ukadutsa chigayo ukhotere kumanzere, nyumbayo ili kuseri kwa mjigo. Kenako anandiwerengera nambala ya foni ya amalume. Cholembera? Ndinati ayi amayi, mutu ulipo.

Ndinanyamuka ndikuibwereza chamumtima ngati nyimbo. Nditafika ku Chipasula, mnzanga wa kabaza anandiimitsa: "Aise, mawa Bullets iwina?" Tinatsutsana mphindi imodzi yokha. Basi, nambala yapita! Ndinatsala ndi 099, imene ngakhale mwana amaidziwa.

Chodabwitsa n'chakuti chigayo ndi mjigo ndinkaziona m'mutu bwinobwino, moti ndinafika osafunsa munthu. Koma pakhomo panali loko. Kuimba ndiimbire ndani? Ndinakhala pakhonde ndi njala mpaka 4 koloko.

Lolemba aphunzitsi a sayansi anandiseka kaye, kenako anati si umbuli. Mu 1974 Alan Baddeley ndi Graham Hitch a ku Britain anafotokoza kuti zinthu zongomva kumene ubongo suzisunga malo amodzi: mawu ali ndi kwawo, malo ndi zithunzi kwawonso. Mawu amazimiririka m'masekondi ochepa ukasiya kuwabwereza, ndiye macheza a mpira aja anawakankha, osakhudza njira. George Miller naye mu 1956 anati timagwira tinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi. Ine ndinanyamula 10.

Ndalama ndinabwera nayo. Amayi za nambalayo sakudziwabe, ndiye amene mumakhala kufupi ndi kwathu, chonde.