Mpunga wa Khirisimasi

Ife ana atatu a mimba imodzi, amene ntchito idatimwaza ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, tidali ndi pangano lakuti Khirisimasi iliyonse tizikadyera kwa Amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Lunzu m'boma la Blantyre. Aliyense adali ndi chake chonyamula. Wamkulu ankagula thumba la mpunga wa Kilombero, wachiŵiri shuga ndi buledi, ndipo wotsiriza nkhuku ziŵiri ndi mafuta ophikira.

Chaka cha 2001 tidatsika basi pa 24 Disembala pamodzi ndi mabanja athu. Mudzi udali zii. Ana amene zaka zina ankatichingamira ndi kulimbirana katundu adangotiyang'ana ali khale pakhonde. Mvula ya dzinja lapitalo idachuluka ndi kuwononga minda, nkhokwe zidatha msanga, ndipo chimanga pamsika chidakwera mtengo koopsa. Mabanja ena ankagonera mango aaŵisi oŵiritsa, ena phala la gaga.

Usiku umenewo tidapangana monong'ona. Tidati tiphike mpunga pang'ono, tidyere m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo wotsalawo tiŵasiyire Amayi kuti uŵathandize kufikira Febuluwale. Tidayesa kuti ndi nzeru, ndipo ngakhale lero sitinganene kuti idali nkhanza yokhayokha, pakuti amene tinkaŵaganizira ndi mayi wotibala.

M'maŵa mwake, titabwerako ku mapemphero, tidaŵafotokozera maganizo athu. Iwo adakhala chete kanthaŵi, akumasula duku lawo.

"Ana inu," adatero, "nanga fungo la mpunga mulitsekera ndi chitseko chiti?"

Pamenepo adatisimbira za njala ya 1949, imene idasautsa kwambiri dera lathu lino iwo ali kamtsikana. Amuna ambiri adachoka kukafuna chakudya kutali, ndipo ena sadabwererenso kwa akazi awo. Amayi adati kuŵaŵa kwa m'mimba adakuiŵala kalekale, koma nyumba imene inkatseka chitseko pa nthaŵi ya chakudya ankaikumbukirabe, ndi dzina la mwini wake lomwe. Atatero adatuma mwana kukaitana Malume, mwini mbumba, ndi kuŵauza kuti lero kuli chidyerano.

Thumba lonse lidathera m'miphika. Mikeka idayalidwa patsinde pa mtengo wa mango, amuna mbali yawo, amayi ndi ana mbali yawonso. Nyumba iliyonse idabwera ndi chimene idali nacho. Mayi aang'ono adabwera ndi nkhwani wopanda nsinjiro, msuweni wathu ndi kambale ka boŵa, ndipo mayi wina wamasiye, posoŵa chonyamula, adasenza mtolo wa nkhuni. Titaŵerenga tidapeza anthu 43. Nkhuku ziŵiri pa khamu lotere ndi nthabwala chabe, choncho alongo athu adachulukitsa madzi ndi tomato kuti aliyense alaŵeko msuzi. Malume adapemphera mwachidule, monga munthu wanjala, kenaka adalandira nthutumba zonse ziŵiri monga mwa mwambo, nadya okha osagaŵirako wina. Palibe adadabwa nazo.

Ana athu a m'tauni sadakhute. Mmodzi adalira mokweza kuti akufuna buledi wake, pamene msuweni wake wa msinkhu womwewo ankatola timpunga togwera pamkeka. Tidagwa nkhope, ndipo kunena zoona mitima yathu idali isanakhazikike, poona kuti Amayi tikuŵasiya opanda ndi kambale komwe ka mpunga.

Tsiku lonyamuka adatiperekeza mpaka kumseu. Potsazikana adati, "Mwachita bwino kubwera, ana anga. Koma mwezi wamaŵa musadikire kalata. Mutumize chimanga."

Tidasonkherana ndi kutumiza matumba aŵiri mu Januwale, ndipo tidamva kuti adachigaŵa ndi mbale ku nyumba zisanu ndi imodzi, yawo ikulandira mofanana ndi zinazo. Kumapeto kwa Febuluwale 2002 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Amayi adapulumuka, ngakhale adaonda kwambiri. Koma mwa anthu 43 aja, aŵiri sadafike pa nthaŵi ya chimanga chachiŵisi, ndipo mmodzi mwa iwo adali Malume.